Guluu wa Pulofesa Dagoberto

Pulani inabadwira m'kabala ka Doña Carmenza, ku Barranquilla, botolo la ramu litafika pakati, nthawi imene chitsiru chilichonse chimasanduka katswiri. Dagoberto, amene anzake ankamutcha Pulofesa chifukwa cha magalasi amene anatola m'basi, anagogoda tebulo.

"Aise, tcherani khutu. Don Eusebio, dokotala wa mano uja, ali ndi chithanki chagalasi pabalaza, chodzaza ndi korali wofewa, tizamoyo ta pansi pa nyanja tooneka ngati maluwa. Kachidutswa kongofanana ndi chikhadabo, mabwana a ku Bogotá amakalimbirana. Tikadula, timata patimiyala, basi, tatola chikwama."

"Timata ndi chiyani?" anafunsa Nicanor, chimunthu chimene dera lonse linkachitcha Chimimba.

Pulofesa anakhuthulira machubu a supaguluu patebulo. "Ndaonera pafoni, mphwanga. Panopa ndine shasha."

Kuonera anaoneradi, koma mayunitsi anamuthera pakati. Mbali imene anaphonya ndi imene inkanena kuti guluu ndi wa korali wolimba. Wofewayo amamumangirira pamwala ndi kamphira, n'kumusiya masabata angapo mpaka atagwira yekha.

Wachitatu anali Wilfrido, wotchedwa Kanyimbi, woonda ndiponso wamantha. "Nanga alamu athu akamva?"

Funsolo linalasa pamtima. Yesenia, mkazi wa Dagoberto, anali atalumbira kuti tsiku limene mwamuna wake adzagwidwenso ndi apolisi, iye adzakwera basi yobwerera kwawo ku Sincelejo osacheuka. Dagoberto ankamukonda mkaziyo koopsa, ndipo ankadziwa kuti salumbira kawiri.

"Akamva kwa ndani?" anatero Pulofesa. "Tipita Loweruka la chikondwerero cha Kanivale, dzuwa lili pamutu, mzinda wonse uli kumsewu. Tivala zigoba za marimonda. Ndani angaloze mbava pakati pa chinamtindi cha anthu a makutu a njovu ndi mphuno zolendewera?"

Loweruka litafika anadumpha mpanda wakuseri, Chimimba mochita kumukankha. M'nyumba munali zii, ng'oma zikumvekera patali. Thanki inkawala mobiriwira, korali akuvinavina m'madzi. Pulofesa analowetsa dzanja, n'kudula kachidutswa ndi lezala.

Kanthuko kanafota pomwepo, n'kuyamba kutulutsa zoterera.

"Iii, kakumina!" anakuwa Kanyimbi.

"Usachite phokoso iwe. Chimimba, vuula mwala waukuluwo, ugwire bwino."

Anadontheza guluu pamwala, n'kukanikizira kachidutswako. Kanaterereka ngati therere, n'kugwera m'madzi. Anadula kena, nakonso chimodzimodzi.

"Guluu wachepa," anatero Pulofesa, chifukwa munthu wodziwa zonse salakwa. Anafinya chubu chonse, kenako china, kenako chinanso.

Tsono supaguluu akakumana ndi chinyezi sachedwa kugwira.

"Pulofesa," anatero Chimimba ndi mawu aulemu achilendo, "mwalawu ukukana kundisiya."

Manja onse awiri anali atakakamira. Kanyimbi anathamangira kukamukoka pamkono, kuiwala kuti zikhatho zake zinali guluu yekhayekha. Naye anakhalira pompo. Pulofesa, thukuta lili kamukamu, analowetsa dzanja m'chigoba kuti apukute nkhope, ndipo nsalu inamatirira kumasaya. Mwaukali anawomba Kanyimbi khofi lapakhosi, dzanja osabwerako.

Tsiku limenelo zonse zinamatika, kupatula korali.

Kukwera mpanda kunali kosatheka, choncho anatulukira pageti lakumaso atandondozana, Chimimba patsogolo atanyamula chimwala chodontha madzi. Atangokhota, anagwera m'khamu la ovina.

"Taonani awa! Koma ndiye aganiza bwino!" anthu anafuula, akuwawaza ufa ndi thovu. Oimba ng'oma anawazungulira, n'kuwakankhira pakati pa msewu.

"Vinani, agalu inu!" ananong'ona Pulofesa. "Tikafika pamlatho tapulumuka."

Anavina ndithu, ndipo mtima wa Dagoberto unayamba kukhala m'malo. Anayambanso kuganiza kuti mwina imeneyi inali pulani yake kuyambira pachiyambi. Koma pakona, pampando wapulasitiki, panakhala Don Eusebio ndi mowa wake. Munthu amene amatsuka mwala ndi mswachi Lamlungu lililonse sangauiwale.

"Mwala wangawo! Apolisi!"

Apolisi sanavutike n'komwe ndi unyolo, poti akaidi anali atadzimanga kale. Sajeni atakoka chigoba cha Pulofesa, kunamveka kukuwa kumene kunaposa malipenga.

"Alipo ali ndi mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo?" anafunsa sajeniyo.

"Ndili nawo, bwana, ndi ntchito yanga," anayankha mayi wina akutuluka m'khamu ndi kachikwama.

Dagoberto anawazindikira mawuwo. Anali Yesenia.

Mayiyo ananyowetsa thonje, n'kuyamba ndi wonyamula mwala, akuseka ndi anthu onse. Manja atamasuka, sajeni anavula munthuyo chigoba, ndipo panaoneka nkhope ya Chimimba, mnzake wa mwamuna wake. Kuseka kwa Yesenia kunaduka. Anamasula wachiwiri mwakachetechete, ndipo chigoba chitachoka, Kanyimbi anagwetsa nkhope.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

Yesenia anatembenukira kwa wachitatu, n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumakutu ansalu.

"Dagoberto?"

Chimphuno chinapukusa uku ndi uku. "Sindikumudziwa ameneyo, mayi," anatero ndi mawu abesi obwereka.

"Simukumudziwa?"

"Ngakhale pang'ono."

"Chabwino. Nanenso sindikumudziwa." Anatseka botolo, n'kuliponya m'kachikwama. "Bwana, mankhwala atha."

"Koma mayi, botololo ladzaza."

"Kwa uyu atha. Tandiuzani, msewu wa kudepoti ya mabasi ndi wotsegula?"

Sajeni analoza ndi ndodo. Dagoberto anaitana dzina la mkazi wake, tsopano ndi mawu ake enieni, koma ng'oma zinali zitayambiranso. Analira ngati mwana m'kati mwa chigobamo, misozi osaoneka. Anthu anangoona marimonda akugwedeza mapewa, chimphuno chikudumphadumpha, ndipo anamuwombera m'manja mpaka kukafika pagalimoto ya apolisi.