Kiyi wa a Juliyo m'loko wa a hedi

Lolemba

Uthenga wafika. A lekichala a ku koleji akubwera Lachisanu kudzandiona ndikuphunzitsa, ulendo womaliza. Akandipatsa malikisi ndamaliza, ndinyamula chikwama, Namitambo tsala bwino. Akapanda kundipatsa ndibwereza teremu yonse konkuno anzanga akuvala magauni.

Mutu wake ndi womwe wandikanika lero mu Fomu 3: mmene molekyulu imagwirira pa puloteni. Ndajambula pa bolodi. Ndafotokoza kuti puloteni ili ndi kamphako kake, ndipo cholowa mmenemo chiyenera kugwirizana nako maonekedwe, mbali zokokana zikumanenso bwino. Sichikhomeredwa ndi msomali ayi. Chimagwira, ntchito ichitike, kenako n'kuchoka. Pa DNA n'chimodzimodzi, puloteni imakakhala pamalo pake pokha, osati paliponse. Ana angoti maso tong'o. Asiyatu wa pa desiki ya kutsogolo akuti chojambula changa chikufanana ndi mbatata yolumidwa ndi mbewa. Sakunama.

Nzeru yandipeza panjira: maloko ndi makiyi enieni! Mwana agwire, aone yekha kuti kiyi aliyense ali ndi kwawo.

Lachiwiri

Kubwereka loko si kubwereka mchere. Aliyense wokhala ndi loko ali ndi chimene akutseka.

Ndapeza atatu:
- Wa Abiti Saidi, eni nyumba yomwe ndikuchita lendi. Wa pa khola la mbuzi. Akuti, "Mbuzi ikasowa, mwanangu, m'kholamo mudzalowa ndinu."
- Wa a Juliyo a kabaza, womangira njinga ku nsanamira ya khonde lawo. Kiyi ndi mmodzi, winayo anagwera m'chimbudzi kalekale. Masana ndikhale naye, madzulo azidzatenga.
- Wa a hedi, wa pa chipinda cha mabuku. Andipatsa atandiyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka ndatuluka thukuta.

Kiyi wa a hedi ndi wa a Juliyo akufanana ngati ana a bere limodzi. Ndasangalala. Phunziro likufuna zomwezo.

Lachitatu

Ndikuyesera pakhonde ndisanapite nazo kwa ana. Loko wa Abiti akutseguka ndi kiyi wake. Akutsegukanso ndi wa a Juliyo. Ndi wa a hedi. Ndi pini ya m'tsitsi langa. Puloteni yotere itakhala m'thupi, yolandira aliyense wogogoda, munthu sangafike madzulo.

Kupusa kwanga, ndawaonetsa eni ake. Akhala pansi osayang'ana pokhala.

"Ndiye zaka zonsezi mbuzi zanga amandisungira ndi Mulungu basi?"

Loko wawo amuponya m'dzala. Khola alitchinga ndi mtondo ndi mpando wanga. Ndatsala ndi maloko awiri. Chakudya chikundikana.

Lachinayi

Kuyeserera m'kalasi. Zikuyenda. Ndaitana Asiyatu kuti alowetse kiyi wa a Juliyo m'loko wa a hedi, anzake aone mmene akanire.

Sanakane. Walowa yense. Kutembenuka ayi, kutuluka ayi.

Zomwe ndayesa:
- mafuta ophikira
- sopo
- pulayala ya a mlonda, yomwe yangopinda mutu wa kiyiyo
- kumunyengerera ngati mwana
- pemphero

A hedi sakudziwa. Chipinda cha mabuku ndi chomanga ndi waya ndipo akuganiza kuti loko wawo akutumikira sayansi.

Madzulo a Juliyo abwera. Ndawapatsa loko wawo ali wotsegula. "Kiyi ndibweretsa m'mamawa, achimwene." Sanafunse. Loko ngati ameneyu amatseka pongomudina, safuna kiyi, ndipo ndikudziwa kuti akafika amudina monga mwa masiku onse. Mawu oti "musakatseke" anali pamlomo penipeni, manyazi andimezetsa. Ndadziuza kuti kukamacha kiyi akhala atatuluka. Ndikuopa kwambiri.

Lachisanu

Sanatuluke.

A Juliyo ali pakhomo ndisanasambe. Loko anamudinadi: njinga ili kwawo ku nsanamira, tcheni chili gwa. Owotcherera zitsulo alibe magetsi. Nsanamira akazi awo akuti aidule aone. Kenako a Juliyo awonjezera: "Madamu, paja a hedi anandituma ine kukatenga mlendo wanu ku siteji." Anzawo a kabaza anyamula kale anthu a kumsika.

Ndathamangira kusukulu. Ndapeza a hedi ali pafoni, akuseka: "Ingodikirani pomwepo bwana, njinga ikubwera." Ndatsegula pakamwa, belu lalira.

Ndalowa m'kalasi ndi loko wodwalayo m'manja. Mpando wa mlendo uli kumbuyo, wopukuta bwino. Chophunzitsira china ndilibe, ndiye ndangomukweza m'mwamba. Ndati onani, uyu wafanana ndi mwini malo, walowa, koma ntchito sangaigwire, ndipo mwini malo sangalowenso. Ndapatsa mnyamata wina kiyi weniweni wa a hedi ayese. Polowera palibe. Ndati mankhwala ena amagonjetsa tizilombo chomwechi, amakatseka kamphako ka puloteni yomwe kachilomboko kamadalira. Ndatinso n'chifukwa chake mbaula ya makala siyenera kugona nanu m'nyumba yotseka: mpweya wake woipa umakakhala m'magazi pamalo pa mpweya wabwino, ndipo umagwira zolimba kuposa mwini malo.

Kalasi zii, koma zii wa anthu akumva. Asiyatu wakweza mkono.

"Ndiye madamu, kiyi wa a Juliyo ndi poizoni kwa loko wa a hedi eti?"

Ndatsala pang'ono kulira. Chiyambireni sindinaphunzitsepo chonchi. Maso anga akungopita pakhomo, mpando uja uli wokha mpaka belu.

A lekichala afika wapansi dzuwa lili pamutu, thalauzi lofiira ndi fumbi mpaka m'mawondo. Atipeza kuseri kwa ofesi, a mlonda akumenya loko ndi mwala, ine ndagwirizira, a hedi aima pambali manja m'chiuno, zonse atazimva tsopano.

"Zida zophunzitsira n'zimenezi?"

Ndawapempha aone phunziro lina lililonse. Akuti akudikiridwa kusukulu ina, ndipo nthawi yawo yathera pa siteji. Amwa madzi. "Tidzaonana teremu ya mawa."

Loweruka

A Juliyo adula nsanamira. Khonde lapendekeka, akazi awo apita kwa mayi awo kukapuma. Andidutsa pamsika tcheni chikulendewera pa njinga, loko ali pomwepo, moni ayi.

A hedi atumiza mwana wawo kudzanena kuti Lolemba akufuna kuona chitseko chawo chili chotseka. Sananene kuti chitsekedwe ndi chiyani.

Anzanga akutumizirana zithunzi za nsalu zosoketsa pa tsiku lomaliza. Foni ndaiika pansi pa pilo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, a Juliyo amaimba kwaya.

Ndaimbira amayi. Akuti, "Koma ana anamva?" Ndati anamva. "Nanga ukuliranji?"

Zovala zomwe ndinalongedza Lolemba ndazibweza pa chingwe. Abiti andiona pazenera. "Ndiye mukhalabe? Zili bwino mwanangu, tizisinthana kulondera mbuzi." Andipatsa chinangwa chophika, choyamba kudya ndi mtima umodzi sabata ino.

Loko uja ali patebulo, kiyi wake wolakwika ali m'kati, mutu wopindika. Ndayesanso kumukoka, mwachizolowezi chabe. Ana ndinawauza ndekha kuti chogwira bwino chimagwira ntchito yake n'kuchoka. Ine kuno ndinabwera kudzakhala teremu imodzi. Ndalowa, sindikutembenuka, sindikutuluka.

Ndamupachika pa msomali. Teremu ya mawa ndidzamufuna.