A Zelesi ndi Simbi ya Tambala

Mukafunsa munthu aliyense wa ku Biriwiri za malemu Bizwell Zelesi, ayamba waseka kaye, kenako akuuzani chinthu chimodzi: bamboyo anali ndi simbi zamakala makumi anayi ndi zitatu m'nyumba mwake, koma palibe amene anawaonapo atavala malaya osita. Kutchalitchi, kuukwati, kumsonkhano wa alimi a kabichi, ankafika malaya ali makwinya okhaokha ngati achita kuwalanditsa m'kamwa mwa ng'ombe.

Simbizo zinkakhala pa matabwa amene anakhoma okha kuzungulira pabalaza, iliyonse ndi nambala yake yolembedwa pakhoma ndi penti yoyera. Zina zinali ndi zogwirira zamtengo, zina zachitsulo, ina inali yolemera moti mlendo wina atayesa kuinyamula anapempha madzi akumwa. Loweruka lililonse m'mawa ankazitsitsa, n'kuzipukuta ndi kansanza koviika m'mafuta a njinga, n'kuzibwezeranso. Khala lamoto lokha ndiye linali loletsedwa kuyandikira.

"Izi zinaigwira kale ntchito," ankatero a Zelesi. "Panopa zili pa penshoni."

Amene ankaimva kuwawa penshoni imeneyi anali akazi awo, a Lufina, amene aliyense ankawatchula kuti a Nangozo. Tsiku la Mvano likayandikira, mayi wa m'nyumba ya simbi makumi anayi ndi zitatu ankapinda bulauzi yawo yoyera, n'kudutsa m'dimba la anyezi kupita kwa a Maness, oyandikana nawo nyumba, kukabwereka simbi.

"Mwabweranso, a Nangozo? Zanu zija sizinachirebe?"

"Musandiyambe, a Maness. Ndibwerekeni ndizipita."

Tsiku lina anatopa nako kubwereka. Amuna awo ali kudimba, anatsitsa nambala naini, anasita bulauzi ndi duku lomwe, anakhuthula phulusa, anaipukuta bwinobwino n'kuibwezera pamalo pake. A Zelesi pofika anaima pakhomo, khasu lili paphewa, mphuno ili m'mwamba.

"Amake Tisunge, Naini wagwira ntchito."

"Mukulota inu."

Anapita n'kukaikhudza ndi kuseri kwa dzanja, monga timachitira mwana tikamuganizira malungo. "Thupi latentha," anatero motsitsa mawu, n'kuvula chipewa kuyamba kuikupiza. Anaikupiza mpaka ndiwo zinazizira m'mbale.

Matendawa anali ndi poyambira pake. Bambo awo a Zelesi anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo pobwerera anabwera ndi bulangete, sutikesi yachitsulo ndi simbi imene inali ndi katambala kachitsulo kotsekera pachivundikiro. Ukafuna kuthiramo makala, unkakankha mutu wa katambalako. Bizwell ali mwana, ntchito yokankhayo inali yake. Mkuluyo atamwalira, abale ake anabwera kudzagawana katundu, ndipo simbi ija inakwera njinga kupita kumene palibe anadziwa. Kuyambira pamenepo a Zelesi ankafunafuna simbi ya tambala. Makumi anayi ndi zitatu zija zinali zongokumana nazo m'njira.

Pofunafunapo analibe manyazi. Tsiku limene ankhoswe anabwera kudzakamba za ukwati wa mwana wawo Tisunge, a Zelesi sankayenera n'komwe kukhala pamenepo. Koma anatulukira kuseri kwa nkhokwe, anakhosomola, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Pepani, kwanuko agogo sanasiyeko simbi?" A Nangozo anafuna kuti nthaka ing'ambike alowemo. Koma pa ulendo wachiwiri ankhoswewo anabwera ndi kamtolo kolemera, ndipo mpaka lero mkamwini wawo amadziwa kuti pakhomopo analowera pa simbi nambala sate.

Pa msika wa Lizulu ankadziwika kuposa mbatata ya kachewere. Akagulitsa kabichi wawo, ankaoloka msewu kupita mbali ya Mozambiki, mapazi khumi okha, kukafukula m'milu ya zitsulo zakutha. Pofika kunyumba ankadziponya pampando n'kunena kuti, "Ndatopa, ndinali kunja kwa dziko." Kumsikako kuwapusitsa kunali kosatheka. Wamalonda wina, dzina lake Nicholas, anagula simbi yatsopano, anaikwirira m'khola la nkhumba milungu itatu kuti ichite dzimbiri, n'kuwaitana kuti wapeza ya nthawi ya atsamunda. A Zelesi anaigogoda ndi msomali umene ankayenda nawo m'thumba, anatchera khutu, kenako anainunkhiza.

"Atsamunda akewo ankadya madeya?"

Nicholas anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kuyambira tsikulo anakhala bwenzi lawo.

Chinawagwetsa ndi foni. Tisunge, amene amaphunzitsa ku Sharpevale, anawagulira foni ya intaneti kuti aziona zithunzi za adzukulu. Adzukuluwo anawaona masiku awiri. Tsiku lachitatu anali atalowa kale m'gulu lina limene anthu amagulitsirana katundu wakale, ndipo m'mawa uliwonse ankapereka moni kwa gulu lonse, kufunsa mmene adzukira ndi ana omwe. Akatero ankalemba kuti: "Ndikufuna simbi ya tambala. Mtengo si nkhani."

"Mawu omalizawo fufutani, ababa," Tisunge anawachenjeza. "Muitana afisi."

"Munthu woona mtima sabisa, mwanawe."

Fisi anafika sabata isanathe. Ankadzitchula kuti Richard, ati wa ku Balaka, ndipo anali ndi ulemu wosaneneka, mawu aliwonse ankayamba ndi "bambo anga". Anatumiza chithunzi. A Zelesi atachiona anakhala pansi pamzere wa kabichi. Kanali katambala komwe kaja, kamutu kali m'mwamba. Vuto lake linali lakuti chithunzi sungachinunkhize, sungachigogodenso ndi msomali. Anayesa ndithu, galasi la foni linang'aluka pakona.

Ndalama yokha imene inalipo m'nyumbamo inali ya thumba la fetereza wa chimanga, imene a Nangozo anaimanga m'kansalu n'kuiika m'chitini pamwamba pa kabati. A Zelesi anazungulira kabatiyo masiku awiri ngati mphaka amene wamva fungo la matemba. Tsiku lachitatu anapita kwa ajenti n'kutumiza.

Katundu anabwera pa minibasi. Popeza a Zelesi anali atauza aliyense, pamsewu sanaimepo okha. A Maness analipo, Nicholas anachokera ku Lizulu n'kusiya benchi lake, ndipo kumbuyo kwa onse kunaima a Nangozo, amene chitini chija anali asanachitsegule. Kondakitala anatsitsa katoni yobooledwa m'mbali.

"Mabowowa ndi a chiyani?" anafunsa a Zelesi.

"Kuti katundu azipuma," anatero kondakitala, minibasi n'kunyamuka.

A Zelesi anamasula chingwe mosamala. M'katonimo munatuluka mutu wa tambala, wamoyo, woonda, wothothoka khosi. Anayang'ana khamu lonse ndi diso limodzi, n'kulira. Pansi pake panali simbi yatsopano ya mtundu umene umapezeka pagolosale iliyonse, ndipo tambalayo anali ataisainira kale pamwamba m'njira monse.

Anthu anayesetsa kudzigwira, pakuti a Zelesi anali munthu wamkulu. Oyamba kulephera anali a Maness, amene anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kumangogwedezeka mapewa.

Nambala ya Richard sinapezekenso. A Zelesi ananyamula katoni yonse kupita nayo kupolisi, kumene wapolisi wina anawamvetsera mofatsa.

"Munagwirizana kuti akutumizireni chiyani, bambo?"

"Simbi ya tambala."

"Simbi mwalandira?"

"Eya."

"Nanga tambala?"

"Ndi ameneyu."

Wapolisiyo anapepesa, n'kutuluka kaye panja pang'ono. Atabwerera, maso ali onyowa, analemba zonse, n'kuwauza kuti nkhani zotere zachuluka, asamatumize ndalama kwa munthu amene sanamuone nkhope.

Kunyumba mlandu unali wina. A Nangozo anali atatsegula chitini. Sanakalipe. Anangokhala sabata yathunthu osalankhula ndi amuna awo, zonse ankauza tambala uja. "Fetereza, kawauze abambo ako kuti madzi osamba ali kubafa." Dzinalo linakhala lomwelo. Chaka chimenecho chimanga chawo chinali chachikasu, chofika m'chiuno, ndipo a Zelesi, osauzidwa ndi munthu, anakagwira ganyu yosenza matumba a mbatata pa Lizulu, pamsinkhu wawowo, mpaka anagula chakudya chofikira masika. Koma anakaniza kupha tambalayo, ati ndi umboni wa kupolisi. Umboniwo unanenepa, unamera nthenga pakhosi, n'kusiya anapiye m'makomo onse a m'mudzimo.

Mukuganiza kuti anasiyira pomwepo? Patatha miyezi ingapo anathamangira kukhitchini foni ili m'manja.

"Amake Tisunge, taonani. Munthu wa ku Mzuzu akugulitsa mnzake wa Seventini wanga. Ngakhale mng'alu wa pachogwirira ndi womwewo. Ziwirizi zinatuluka m'ng'anjo imodzi, ziyenera kukhala pamodzi."

A Nangozo anapukuta m'manja, anatenga foni, anaiyandikitsa, anaitalikitsa.

"Mphasa iyi mukuidziwa?"

"Mphasa zimafanana."

"Nanga phazi lili pakonali, la chala chopindikachi?"

A Zelesi anayang'ana chithunzi, kenako anayang'ana pansi pamene akazi awo anaponda.

"Ndi phazi langa, bambo a Tisunge. Munajambula nokha pakhondepo. Mukufuna kugula simbi yanu yomwe. Phazilo ndiye musavutike kulipira, munalitenga kale kutchalitchi."

Wakubayo anali atangotola chithunzi chimene a Zelesi anaika okha pagulupo podzitamandira. Zimenezi zinawapweteka kuposa za tambala, ndipo kuyambira pamenepo anadzilemba okha ntchito ya ulonda. Aliyense woika chithunzi cha chinthu chakale pagulupo ankamuuza kuti achijambulenso atachiika pambali pa tomato atatu ndi supuni. Amene analidi ndi katundu ankajambula uku akung'ung'udza, akuba ankangosowa. Mphunzitsi wina wa ku Dedza anapulumuka pa wailesi yabodza mwanjira imeneyi, n'kuwatumizira paketi ya shuga. Akuba akawaimbira foni, ankawalandira ndi manja awiri. Ankayamba ndi mbiri ya nambala wani, kumene anaipeza, mmene mvula inagwera chaka chimenecho, amene anali m'busa pampingo, kenako n'kupita pa nambala thuu. Palibe wakuba amene anapitirira nambala leveni. Mayunitsi ankamuthera panjira.

A Zelesi anadwala chibayo m'nyengo yozizira ya chaka chatha, masiku asanu okha. Nicholas atapita kukawazonda kuchipatala, anawafunsa ngati sizikuwawawa kuti simbi ya tambala sanaipeze.

"Ndikanaipeza, tsiku la msika ndikanamatani?" anayankha chapansipansi. "Bwenzi ndikungokhala pakhomo n'kumakangana ndi a Nangozo."

"Ngati kuti simunkakangana nane," anatero a Nangozo, uku akuwakonzera bulangete kumapazi.

A Zelesi anaikidwa m'manda Lachinayi. Ogulitsa zitsulo a mbali zonse ziwiri za msewu wa pa Lizulu anabwera pa lole imodzi. Pagulu lija anthu amene sanawaonepo nkhope analemba mauthenga a chipepeso mpaka Tisunge anatopa kuwawerengera amayi ake.

Masiku ano pa Lizulu zitsulo zimangogulidwa pa sikelo, palibe wofunsa kumene zachokera. Nicholas amati tsiku la msika layamba kutalika. Ku Biriwiri nako, ukatsika minibasi ndi katoni, anthu sakuimanso kuti aone zimene zilimo.

Patatha mwezi chiikireni maliro, kunabwera mkulu wina wogula zitsulo zakutha, sikelo atakoloweka panjinga. A Nangozo anali atauza kale ana kuti pabalazapo akufuna kuikapo matumba a chimanga, choncho anamulowetsa. Mkuluyo anagwira simbi yoyamba pachivundikiro, n'kuiponya m'thumba lake. Inalira ngati yathyoka. Anatambasula dzanja kuti atenge yachiwiri.

"Dikirani," anatero a Nangozo. "Itulutseni."

"Mtengo tigwirizana, mayi, musadere nkhawa."

"Sindikunena za mtengo. Mwaigwira molakwika."

Anaitulutsa okha m'thumbamo, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuibwezera pamalo pake. A Nangozo anamupatsa mkuluyo makabichi awiri kuti asapite chimanjamanja, n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Matumba a chimanga akugona kukhitchini mpaka lero. Ana akawafunsa, a Nangozo amati simbizo adzagulitsa ndithu, palibe chimene akusungira. Angoti kaye apeze munthu wodziwa kunyamula kwake.