Mathalauza a pa Natale ku Kalomwe

Mpaka lero kuli anthu ku Kalomwe amene akandiona amayamba agwira lamba, moni pambuyo. Sindiwaimba mlandu.

Nkhondo ili chakumapeto, ndinkathandiza atsibweni anga pa kashopu kawo kosoka zovala pafupi ndi malire. Iwo ankasoka, ine ndinkalemba miyezo ya anthu pa timapepala (ndidafika kalasi yachisanu ndi chimodzi ku mishoni, ndiye ndinkadziona ngati dotolo). Mzungu wina wogawa chimanga, pobwerera kwawo, adatisiyira komputadolo yakale pothokoza kuti tidamusokera jekete. Magetsi tinkapempha pa jenereta ya bala loyandikana nafe.

Asanapite adandionetsa njira ziwiri zosungira miyezo. Yoyamba ankaitcha folya, chipepala chachikulu cha timabokosi ngati kope la masamu. Inayo ankaitcha baze de dadu. Imeneyi, adatero, imamanga munthu aliyense pamodzi ndi miyezo yake, ndipo ukaifunsa za munthu mmodzi imakuyankha za yekhayo. Iye adati titenge baze.

Atsibweni atangomva liwulo adadzuka n'kukatseka chitseko. Masiku amenewo baze idali imodzi yokha, msasa wa ankhondo kuthengo.

"Iwe, asilikali amadutsa pano tsiku lililonse," adanong'ona. "Ufuna amve kuti m'shopu mwanga muli baze?"

"Si baze imeneyo, atsibweni."

"Ukawafotokozere ndiwe, atakumanga kale."

Tidasankha folya. Kunena zoona, mumtima ndidakondwa, chifukwa baze inkafuna kuloweza mawu achizungu oilamulira, ndipo ine mutu udali utayamba kale kutentha. Ndidalemba mayina kumanzere, kenako chiuno, kenako kutalika kwa mwendo. Nditamaliza ndidauza atsibweni kuti timapepala tija tatha ntchito. Pepala linkasowa nthawi imeneyo, ndiye adapichirira fodya, ndipo miyezo ya Kalomwe yense idakwera kumwamba ngati utsi.

Natale, ndiye kuti Khrisimasi, itayandikira, amuna adabweretsa nsalu zogula ku Dedza, ena atagulitsa mbatata ya chaka chonse. Atsibweni adandifunsa chiuno cha a Fabiyano, osintha ndalama pamalire, bambo wa mimba yofika pakhomo eni ake asanafike. Ndidafufuza mzere ndi mzere, iwo atagwira sizasi akundiyang'ana. Manyazi atandigwira, ndidalamula makinawo kuti asanje mayina motsata ABC. Ndidasankha mayina okha. Mayinawo adasamuka bwinobwino, koma ziuno ndi miyendo zidatsala pomwe zidali (izi ndidazizindikira mochedwa, monga mwaonera kale).

Ndidawerenga nambala mokweza. Atsibweni adakanda mutu.

"A Fabiyano chiuno chimenechi?"

"Nkhondo yaondetsa anthu, atsibweni. Makina sanama."

"Dzulo lomweli ndawaona akulephera kukwera njinga."

"Mwina ndi malaya amawatupitsa."

Adadula nsalu. Ndipo adapitiriza kudula sabata yonse, ine ndikuwerenga manambala ndi mawu aulemerero ngati ndikuwerenga kalata ya Paulo m'tchalitchi.

Tsiku lotenga zovala, a Fabiyano adalowa kuseri kwa katani ndipo adakhalitsa. Kenako tidamva mawu ofatsa: "Ambuye, kodi izi ndi za mwendo kapena za mkono?" Thalauza idakanirira m'mabondo, osakwera, osatsika. Tidachita kuwagoneka pa benchi n'kumakoka awiri. Akatekisi athu, munthu wamfupi wowonda ngati bango, adatuluka atagwira chiuno cha thalauza yawo m'khwapa, miyendo yake ikukwekwereza pansi. Sadakalipe. Adangofunsa kuti munthu wina wolowa nawo m'menemo abwera nthawi yanji.

Pofika masana kuseri kwa shopu kudadzaza amuna akuluakulu ovala makabudula amkati, akupatsirana mathalauza m'mphepo ya ku Angoniya. Vuto lidali lakuti thalauza ikakukwana, nsalu sidali yako. Wina adagula yakuda ya ku ukwati n'kupita ndi yobiriwira ya madontho. Msilikali wina wodutsa adasuzumira, adayang'ana kwa kanthawi, ndipo adachoka osafunsa kanthu.

Atsibweni adaphwasula ndi kulumikiza mpaka belu la Misa, ndipo a Fabiyano adapemphera atavala thalauza ya nsalu zitatu zosiyana. Ine ndidapatsidwa yomwe idasowa mwini, yolekeza pakatumba, ndipo atsibweni adandilamula kuivala mpaka ithe. Idali nsalu yolimba kwambiri. Komputadolo ija idasanduka poikira simbi ya makala.

Ndimafuna nditakuuzani kuti ndidaphunzirapo. Mwana wanga wamkazi amandichonderera kuti ndiphunzire baze, ndipo ndimavomera ndi mutu. Koma chaka chatha ndidasankhidwa kukhala mlembi wa kwaya ya parishi, ndipo ndidasanjanso mayina okha pa folya, magulu oimbira n'kutsala pomwe adali. Abambo ena a ndevu zoyera akuimbabe ndi asungwana kutsogolo, chifukwa pepala la alembi lidatero, ndipo ine sindinapeze mpata wabwino wowauza.