Siponji ya a Ambrosi

Ku Chilomoni kunalibe munthu wa mbina ngati malemu a Ambrosi. Thupi lonse linali ngati bango, koma kumbuyoku amayi ankachita kucheuka ndi nsanje. Chinsinsi chake tonse tinkachidziwa: siponji ya matilesi akale, yosokerera m'kati mwa kabudula. Ankati wopalasa njinga mtunda wautali azilemekeza pokhalira, poti miyendo imasinthana ntchito koma matako alibe wowalandira. Chishalo nachonso anachikuta ndi chikopa cha mbuzi n'kumanga ndi malegeni, ndipo ukangochikhudza unkamva mbiri ya mtundu wako wonse.

Wosoka makabudulawo anali mnzawo, a Hamudi, telala wa pakhonde pafupi ndi msika. Iwowa ndiwo ankasimba bwino za galu amene analuma a Ambrosi kumbuyo, eni ake osamva kanthu, mpaka galuyo anathawa akutsokomola. Tsiku lina mvula inawanyowetsa a Ambrosi popita kutchalitchi. Atadzuka pabenchi anasiya dziwe, ndipo oyandikana nawo anangosendera mwaulemu osafunsa.

Chaka ndi chaka, Novembala akafika, ankapalasa mpaka kwawo ku Chikwawa kukalambula manda a makolo. Minibasi ankati ndi ya anthu opanda miyendo.

Chaka chathachi anabwera kudzayezetsa kabudula wa ulendowo. A Hamudi atazunguliza tepi m'chiuno, anabwereza kuyeza. Munthuyo anali atatha, manja akunjenjemera, mpweya wopereweza.

"Wonjezerani siponji, achimwene, ndi m'mbali momwe," ananong'ona a Ambrosi. "Mayi akunyumba asaone. Akadziwa, anditsekera njinga."

A Hamudi anagwidwa njakata. Ankaudziwa mtsetse wa Thabwa, panjira ya ku Chikwawa, ndi makona ake, pomwe mabuleki amafuna manja amphamvu. Kusoka kunali kumukankhira mnzawo kuphompho. Kuulula kunali kumupha akuona, njinga ili yokhomeredwa kuchipinda. Choncho anayamba mabodza. Lero singano yathyoka, mawa lamba waduka. Anafika ponamizira kuzima kwa magetsi, chonsecho makina awo ndi opalasa ndi phazi. A Ambrosi sanaseke. Ankangofika m'mawa, n'kukhala pakhonde, maso ali pa nsalu yodulidula ija, ndipo Novembala ankayandikira.

Kenaka kunatulukira a Petronela, akazi awo, tsiku limene bambowo sanathe kudzuka msanga. A Hamudi anabisa siponji kunsi kwa makina, osadziwa ngati aulule kapena aname.

"Kabudula uja ali pati, alamu?"

"Makinawa, alamu, akuvuta..."

"Makina ali bwinobwino. Ine ndimagona pambali pa munthuyo, ndiye siponji ingandinamize? Sokani. Muike yofewa kwambiri, mafupa asamve chishalo. Koma musawauze kuti ndikudziwa. Akufuna akafike kwawo ndi miyendo yawo."

A Hamudi anasoka misozi ikugwera pansalu, ndipo anapasula kangapo chifukwa msoko unkapita kumbali.

A Ambrosi ananyamuka m'mamawa, mbina ili tang'atang'a kuposa kale, anyamata a kabaza akuimba mluzu. Tsiku limenelo a Hamudi sanasoke ngakhale batani. Minibasi iliyonse yochokera m'tauni ankaiyang'ana ngati yabweretsa uthenga wa ngozi. Dzuwa litapendeka, foni inalira.

"Achimwene, ndafika," anatero mawu otopa. "Mwasoka bwino. Sindinamve ngakhale mwala umodzi."

Manda analambula. Asanaganize zobwerera, anagona m'nyumba ya mlongo wawo osadzukanso, ndipo anaikidwa pamalo pomwe anali atangoyeretsa okha.

Masiku ano njinga zikudutsabe pamsika, koma palibe yomwe imaimitsa anthu ntchito kuti aseke, ndipo khonde lija lazizira. A Petronela akamapita kogula ndiwo amaima pang'ono, n'kupatsana moni ndi a Hamudi. Amakamba za mvula ndi za fumbi. Mpaka lero palibe mwa awiriwo amene wayerekeza kufunsa mnzake ngati anachita bwino.