Mfuti Yoponya Kumanzere

Lolemba

Amayi akwera minibasi ya ku Khombedza. Mlongo wanga wabereka, akukamuthandiza, abwera Lamulungu. Mpunga wathu ku sikimu watsala sabata imodzi kuti umwetedwe. Puloti imodzi imeneyi ndiyo imatidyetsa awirife chaka chonse, ndipo andisiyira ntchito imodzi yokha: mbalame. Mawu awo omaliza, mutu uli pawindo: "Usachite zanzeru. Uzingokoka chingwe."

Chingwe! Kuno ku Lifuwu mpheta amaziinga motere: mapuloti anayi oyandikana amakhala ndi nsanja imodzi pakati. Kuchokera pansanjapo amamanga zingwe zopita ku puloti iliyonse, n'kupachikapo zitini zamiyala. Eni mapuloti amasinthana masiku. Mbalame zikatera umakoka, zitini zimalira, iwe n'kukuwa "Haaa!" kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Munthu woti anaphunzira uinjiniya zaka ziwiri ndi theka, azikuwa haaa ngati ng'ombe yosochera? Ine ayi.

Ndili ndi mfuti ya mpweya. Yatsopano, yam'bokosi. Ndinakaigula ku Lilongwe nditagulitsa laputopu imene inkangondikumbutsa zinthu. Amayi sakudziwa, imagona pansi pa bedi.

Pulani:
1. Kuchotsa chingwe pa puloti yathu.
2. Kugwetsa mpheta makumi awiri patsiku, zinzake zitengerepo phunziro.
3. Ndiwo zaulere.
4. Amayi akabwera, osanena kanthu. Angoona okha.

Ndamasula chingwe. Abiti Juma, a puloti yakumpoto, amene amagawa masiku a pansanja, akundiyang'ana manja ali m'chiuno. "Ndiye Lachitatu la amayi anu tiikepo ndani, a Injiniya?" Ndawauza kuti aikepo sayansi. Iwo angoti, "Inshallah." Koma amukoka motalika Inshallah ameneyu.

Lachiwiri

Tizipolopolo makumi atatu. Mpheta zakufa: palibe.

Zimene ndalasa:
nthochi ya m'mbali mwa ngalande,
madzi,
chitini cha abiti Juma.

Chitinicho chalira ngwe! Mbalame zonse zauluka. Ndi nthawi yokhayo lero imene mfuti yaopseza chinthu.

Si mphepo, kunja kuli zii. Si dzanja, ndatsamira pa mtengo. Ndapita kuseri kwa chulu ndi katoni, ndajambula bwalo ndi makala, ndayeza mapazi makumi awiri. Kuwombera kakhumi. Zonse khumi kumanzere, pamodzimodzi, motalikirana ndi bwalolo ngati chikhatho chimodzi. Munthu wosadziwa amamwaza. Izi sizikumwazika, zikupita malo amodzi ngati zapangana.

Pa mfutiyo pali kasikuluwu kokonzera poyang'anira. Ndakapotoza mpaka kafika pothera. Kumanzerebe.

Ndikudziwa kuti ndikhoza kumaloza kumanja pang'ono kuti ndilase pakati. Sindichita. Chinthu chatsopano chizigwira ntchito mmene analembera pa bokosi. M'dziko muno tinazolowera kuloza kumanja, n'chifukwa chake zinthu zonse zili kumanzere.

Lachitatu

Ndaimba kusitolo kuja ndinagula mfutiyo. Mayunitsi onse athera kwa mwamuna wina amene akutafuna chinthu polankhula.

"Bwana, mfuti imeneyo ndi yakunja, siinama. Mwina ndi diso."

Diso langa! Ndamufotokozera za katoni, za mapazi makumi awiri, za chikhatho. Akuti ndibwere nayo ndi bokosi ndi lisiti, koma bwana wamkulu amafuna umboni, chifukwa anthu amazigwetsa okha kenaka n'kumanamizira azungu.

Umboni aupeza. Tsiku lonse ndili pakhonde:
makatoni atatu, mitunda itatu;
rula ya mlongo wanga ya ku pulayimale;
kalata ya Chingerezi, masamba awiri ndi theka, yokhala ndi chithunzi chojambula pamanja.

Kalatayo ndi yabwino. Ndaiwerenga mokweza kawiri, nkhuku zikumvetsera. Papita zaka ndisanalembe chinthu chokhala ndi mitu ing'onoing'ono.

Kumunda sindinapiteko. Tsiku limodzi silingaphe mpunga.

Koma "mwina ndi diso" akundizungulira m'mutu. Mkulu wa dipatimenti anandiuzanso mwaulemu chonchi, tsiku limene anandipatsa kalata yopita kwathu: "Mwina uinjiniya si mbali yanu." Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndakhala ndikuuza aliyense kuti mphunzitsi wa masamu ankadana nane. Ndazinena mpaka ndikuzikhulupirira masiku ambiri. Koma nkhani imeneyo ilibe katoni. Palibe chulu chimene ndingaiimikepo n'kuona kumene zikugwera. Mfuti yokha ndiyo ingayezedwe.

Lachinayi

Mayo ine!

Ndafika kumunda dzuwa litakwera. Puloti yathu ikuyenda. Ikugwedezeka yonse ngati bulangete lokhala ndi ana pansi. Mpheta, mpheta, mpheta.

Ndaima pangalande kuonerera, ndipo masamu ake ndi osavuta ngakhale kwa munthu wochotsedwa sukulu. Wa pansanja akoka chingwe, mapuloti atatu alira, mbalame zidzuka. Zikadzuka zipite kuti? Pali puloti imodzi yopanda chitini. Ndatsegulira mbalame za sikimu yonse malo odyera opanda phokoso.

Abiti Juma ali pansanja: "A Injiniya, alendo anu akuthokoza! Akuti kwanuko kuli mtendere."

Ndawombera pakati pa gulu, poti pagulu lotere ngakhale wakhungu alasa. Mfuti yati pfu, ngati mbuzi yayetsemula. Mbalame ziwiri zasuntha phesi. Ina yandiyang'ana ikutafuna.

Pamene ndimagula ndinasangalala kuti siichita phokoso. Wogulitsa anachita kuyamikira zimenezo.

Njira zoingira mbalame popanda kukuwa haaa:
kutsokomola mwamphamvu (sizikumva);
kuyenda mofulumira ngati ukupita kwina (zimadikira udutse);
kuwomba m'manja kamodzi, abiti Juma akayang'ana kumbali.

Chingwe chathu chili pomwe ndinachisiya, chokulungidwa patsinde pa nsanja. Kuchitenga kukufunika kudutsa pansi pa mapazi awo. Mawa kaye. Choyamba nkhani ya mfuti ithe, chifukwa ikatha imeneyo zonse zimveka.

Lachisanu

Kuseri kwa msika kumakhala bambo Nyirenda, akumpoto, amene anagwira ntchito yolondera nyama zakutchire mpaka kupuma. Mfuti amazidziwa ngati mmene ena amadziwira njinga. Ndawatengera yangayi kuti aiyese: akalasa pakati, ndiye kuti ndi diso. Ndadutsa pakhomo pawo kawiri osaima. Kachitatu andiitana okha: "Mphwanga, chimene mwakulunga m'chitenjecho chikulemerani. Lowani."

Aika katoni pa mtengo wa mango. Sakufulumira. Ine mtima uli gu gu gu ngati tsiku lokaona zotsatira pa bolodi.

Koyamba: kumanzere.
Kachiwiri: kumanzere.
Kachitatu: kumanzere, pabowo lomwelo.

Aitsegula poipinda pakati, asuzumira mumpope ataulozetsa kudzuwa, autembenuza pang'onopang'ono. "Mpope ndi wokhota. Simunaigwetse, palibe chipsera. Inabadwa choncho."

Inabadwa choncho! Ndawapempha abwereze. Ndawapempha alembe. Alemba kuseri kwa kalendala yakale, asayina. Ndikunena zoona, maso anga anachita madzi. Munthu wodziwa wayang'ana, wayeza, wanena kuti cholakwika si ine. Sindikukumbukira kuti zimenezi zinandichitikirapo liti.

Ndikanangonyamuka pomwepo. Koma afunsa kuti ndinaigulira chiyani.

"Mpheta za mumpunga."

Apukuta magalasi. "Ikanakhala yowongoka, munthu wa dzanja labwino ngati inu akanagwetsa khumi, mwina khumi ndi zisanu. Kumundako zilipo zingati?"

Ndawathokoza chifukwa cha kalatayo. Funsolo silinali mbali ya zimene ndinabwerera.

Loweruka

Amene ndawauza kuti mpope ndi wokhota:
wogulitsa mayunitsi (akuti pepani);
wa kabaza (akuti ayi ndithu, ndipo ndikwera kapena ayi?);
m'busa wina amene sindikumudziwa;
wakusitolo.

Wakusitolo wagonja! Ndamutumizira chithunzi cha kalata ya bambo Nyirenda ndi makatoni onse. Lero sakutafuna. Akuti zina ziwiri za m'gulu lomwelo zabwezedwanso, ndibweretse andisinthira, yatsopano ifika pakatha masabata atatu. Wanena mpaka kuti, "Munali olondola, bwana." Ndinafuna kumuuza alembe.

Masabata atatu. Mpunga ukhala utamwetedwa, mpheta zitapita kwina.

Ndapita kumunda ndi nkhani yanga yabwino. Ndalowa pakati pa puloti koyamba sabata ino. Kutali umaoneka mpunga. Pafupi ngala zaima chilili, zopepuka, zoyera. Ngala yokhala ndi chakudya imawerama. Ndafikisa imodzi m'manja: mankhusu. Ina: mankhusu. Pakati ponse ndi kummwera konse.

Kumpoto kokha ngala zikuweramabe. Ndayang'anitsitsa, ndaona chingwe chatsopano chodutsa m'malire, chokhala ndi zitini zinayi za mkaka. Sindinamange ine.

Abiti Juma sanandiyang'ane n'komwe. "Ndinamanga Lachinayi madzulo. Si chifukwa cha inu, a Injiniya. Amayi anu anandisenzera mpunga chaka chimene ndinathyoka mwendo."

Ndawauza kuti mpope ndi wokhota, pali ndi kalata. Ati, "Alhamdulillah." Kenaka akoka chingwe.

Gulu lina latera kummwera, kudzatola zotsala. Ndayang'ana uku ndi uku. Ndakuwa. Mawu atuluka opyapyala, osweka pakati, ngati a tambala wophunzira kulira. Koma zauluka. Zonse! Ndakuwanso, ndakuwanso, mpaka kukhosi kwauma. Palibe amene waseka, ndipo zimenezo zandipweteka kuposa kuseka.

Lamulungu

Amayi atsika minibasi masana, sanafike n'kunyumba komwe. Chikwama pamutu, molunjika kusikimu. Ine pambuyo ndi makatoni m'khwapa.

Ayenda puloti yonse. Athyola ngala, afikisa, auzira. M'dzanja mwatsala timbewu titatu. Atimanga pa nsonga ya chitenje.

Ndafotokoza zonse mwadongosolo: mfuti, chulu, chikhatho, kasikuluwu, bambo Nyirenda, wakusitolo ndi kugonja kwake. Ndawaonetsa mabowo. Ndawawerengera kalata. Amvetsera mpaka kumapeto, sanandidule ngakhale kamodzi. Palibe mphunzitsi amene anandimvetserapo chonchi.

"Ndiye kuti iwe sunalakwe."

Ndati mfutiyo ndi imene inali yolakwika.

"Chabwino." Ayang'ana kummwera. "Mlongo wako ndinamulonjeza thumba la mpunga wa phala."

Basi. Sanakalipe. Ndinakonzekera kukalipiridwa, mayankho ndinali nawo asanu ndi limodzi. Apita kukathokoza abiti Juma, akhala nawo pansi pa nsanja nthawi yaitali, akulankhula motsitsa. Kamodzi onse awiri anandiyang'ana.

Mfuti ili m'bokosi, lisiti pamwamba. Ndinali wolondola, ndipo zalembedwa, zasayinidwa. Ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikufuna pepala lotere. Ndimaganiza kuti likhala lolemera kuposa apa.

Za mphunzitsi wa masamu sindikudziwanso. Mwina ankadana nanedi. Lero ndaona kuti zimenezo zikhoza kukhala zoona, mayeso n'kukhalabe kuti ndinalephera.

Mawa tiyamba kumweta kumpoto, tisanataye ndi kumeneko komwe. Amayi ndi abiti Juma agawana kale mizere. Ine andiika pansanja tsiku lonse, kulondera mapuloti onse anayi. Ndapempha kuti andipatseko zenga ndimwete nawo.

Amayi akuti ayi. Nalonso ndi lokhota.