Dzuwa la a Bornwell Goma

Ku Chama konse kunali munthu mmodzi yekha wosuntha dzuwa ndi chala, ndipo ameneyo anali a Bornwell Goma. Wokayika akafunse akazi awo, mayi Jestina, amene anapirira misala imeneyi zaka zitatu zathunthu.

Zinayamba mu 1996, bungwe lina lokumba zitsime litabweretsa kompyuta pa boma kuti a Goma azijambulapo mapu. Mapuwo anajambula masabata awiri okha. Kenako anatulukira kuti m'makinamo munthu angathe kumanga nyumba ya makoma anayi ndi denga, n'kumaizungulira ngati ali pabwalo. Basi, bambo aja mutu unatembenuka. Anamanga msika wonse wa Chama, ndi mkuyu waukulu wa pakati paja, kenako anayamba kuikamo anthu: mutu mpira, thupi bokosi, miyendo timitengo.

Kuti munthu alowemo ankayamba wapimidwa, ndipo tepi ya a Goma inkaopedwa kuposa jekeseni.

"Ba Goma, sininafe ine! Mwayamba kale kunipimila bokosi?" anakuwa a Abraham ogulitsa nsomba zouma, tepi itawazinga pamimba.

"Imani bwino, mimba yanu yadya malo a anthu awili."

Makina osindikizira ankalira ngati nyenje, ndipo ankadziwa mitundu iwiri yokha, choyera ndi chakuda. Mbali yoyang'ana dzuwa inkayera mbee, ya kumthunzi inkada bii, moti chilichonse chili mmenemo chinkamira. Dzuwalo linali kadontho pagalasi la kompyuta, ndipo a Goma ankalikokera kumene afuna. Lolemba lililonse ankamata chithunzi chatsopano pakhoma la ofesi. Mayi Christine a zitumbuwa atangoseka chipewa cha a Goma, anapeza pachithunzipo patsala mkono wawo ndi chiwaya.

"Ba Goma, nkhope yanga ili kuti?"

"Dzuwa layenda ku Tembwe, amai. Lizabwela mukapepesa."

Kunyumba mayi Jestina ankalalata. "Dzuwa la Mulungu likuwotcha chimanga kumunda, inu museweletsa la m'bokosi! Ndipo ine tepi yanuyo isanikhudze."

"Inu ninakupimani kale na maso, tsiku la ukwati," ankayankha a Goma akumwetulira.

Kamera ankadana nayo koopsa. Ankati imatola zilizonse ngati nkhuku, pamene chithunzi chabwino chimadziwa chobisa. Wojambula akafika paukwati, iwo ankabisala kuseri kwa kwaya.

Kenako zinafika zaka zija zimene makasu okumbira manda sankauma dothi. A Abraham atamwalira, Lolemba lotsatira pamalo awo panali poyera. Anatsatira mphunzitsi, namwino, mayi Christine. Aliyense akapita, pachithunzi ankasowanso. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti a Goma alibe mtima, akufufuta anzawo ngati choko pabolodi. Mayi Jestina zinawachititsa manyazi. Koma mayiwo anaona chinthu chimodzi: dzuwa lija linasiya kuyendayenda. Linangokhala potsika kumadzulo, ndipo mthunzi wa mkuyu unkakula mwezi ndi mwezi.

A Goma anamwalira mvula ya 1999 ikutha. Pachithunzi chomaliza chimene anamata asanagone, iwo panalibe. Apa m'pamene mayi Jestina anazindikira kuti alibe chithunzi cha amuna awo ngakhale chimodzi, ndipo zinawawawa kuposa maliro enieniwo. Bungwe lija linatumiza uthenga kuti msewu wauma, galimoto ibwera Lachisanu kudzatenga kompyuta.

Lachinayi masana mayi Jestina anakagogoda kwa a Eneless Ng'uni, aphunzitsi a masamu amene ankadziwako pang'ono makinawo.

"Ba Eneless, nifuna chabe niwaone. Ngakhale mutu wa mpila, nizaziwa kuti ni iwo."

Anapita ku ofesi n'kuyatsa jenereta. A Eneless anafufuza mndandanda wa zinthu za mumsikamo, kenako chala chinaima.

"Dzina lao lilimo, amai. Koma saoneka."

"Manje ali kuti?"

A Eneless anapukusa mutu. Mayi Jestina anayang'anitsitsa chimthunzi chakuda chija.

"Sunthani dzuwa. Liikeni kum'mawa, pansi, liloŵe kunsi kwa mtengo."

Makina anayamba kulira, pepala likutuluka mzere ndi mzere kuchokera pamwamba. Anatuluka masamba a mkuyu. Kenako mitu. Mimba ya a Abraham inali pomwepo, ikudya malo a anthu awiri. Mayi Christine anali ndi chiwaya chawo, nkhope yonse mbee. Mphunzitsi uja, namwino uja, onse anali ataima mwadongosolo pamzere kuyang'ana msika. A Eneless anawerenga mpaka makumi anayi. A Goma sanafufute munthu ngakhale mmodzi. Ankangowasunthira pamthunzi.

Kumapeto kwa mzerewo kunali bokosi lopendekeka phewa, la chipewa chokhota, tepi ili m'khosi. A Goma anadzisunthira okha pamthunzipo akadali ndi mphamvu. Mayi Jestina analira ndi kuseka nthawi imodzi, chala chili pachipewapo. Kenako anaona kuti pambali pa amuna awo pali mpata wa munthu mmodzi, wamfupi, wotakata m'chiuno.

"Iyayi, Ba Goma," anatero akupukuta misozi ndi chitenje. "Mwapima bwino, koma muyembekeze. Chimanga sininakolole."

Kompyuta inapita Lachisanu. Khoma la ofesi linatsala ndi zipsera za guluu, ndipo Lolemba ku Chama linasanduka tsiku wamba. Nkhani ya pepala lija inafala, moti mpaka lero pali ena amene amati "odi" asanakhale pansi pa mkuyu wa pamsika. Mayi Jestina sanena odi. Ngakhale dzuwa la Okutobala litentha bwanji, iwo amazungulira mthunziwo, dengu lili pamutu, n'kudutsa poyera.