Mabatani atatu amene anandiulula kwa amalume

Mpaka lero ndikadali mkamwini ku Milepa, ndipo palibe amene anandilodza. Zinandichedwetsa ndi zala zangazi.

Chaka chatha ndinagula laputopu yogwirapo kale ntchito ku Limbe. Mayi Chikopa, amene timaphunzitsa nawo sukulu imodzi, anali atandilangiza kuti ndisakopeke ndi kunyezimira kwa chivindikiro. Anati ndikazule chingwe ndione ngati batire likusunga moto, ndiponso ndikadinde batani lililonse. Ndinachita zonsezo mpaka wogulitsa anayamba kuyasamula. Nditabwera nayo, mayi omwewo anandiphunzitsa njira zachidule za pa kiyibodi, ndipo abale, ndinapenga nazo. Ctrl ndi C kukopera, Ctrl ndi V kumata, Ctrl ndi Z kubweza chimene walakwitsa. Koma imene inandidya mtima ndi ya mabatani atatu, Ctrl, Shift ndi T. Ukatseka tsamba la pa intaneti mwangozi, umangodinda atatuwo pamodzi, tsamba lija n'kubwerera ngati silinachokepo. Ndinailalikira paliponse. (Ngakhale wa kabaza amene amandinyamula m'mawa, munthu woti sanakhudzepo kompyuta, anamva ulaliki wonse tikukwera chitunda.)

Nthawi imeneyo ine ndi mkazi wanga Agnesi tinali ndi kachinsinsi kathu. Tinkafuna kusamukira m'tauni. Apongozi sanandilakwire chilichonse, kungoti pachikamwini ukatsokomola m'nyumba mwako, kukacha mudzi wonse ukubweretsera mandimu. Koma mkazi sumangomunyamula ngati thumba la chimanga. Ankhoswe ako ayenera kukagwada kwa malume ake kukapempha chitengwa. Agnesi anandichenjeza kuti nditseke pakamwa mpaka tikolole, ankhoswe akayankhule nkhokwe zili zodzaza, mitima ya anthu ili m'malo. Pakamwa ndinatsekadi, koma pa intaneti ndinkafufuza mwakhama.

Tsiku lina Loweruka m'mawa ndili pa kafukufuku wangayo, ndinamva "odi" pakhomo. Anali a Matiki, malume ake a Agnesi, eni mbumba, dikoni kutchalitchi kwathu amenenso amamasulira kukabwera mlaliki wa Chingerezi. Ndinatseka masamba anga onse msangamsanga, n'kutuluka ndi nkhope ya mkamwini wabwino.

Iwo anali atamva kuti makina anga amadziwa zonse, ndiye amafuna awafunse za chitopa chimene chinali kumaliza nkhuku zawo. Mtima wanga unavina. Ndinatulutsa mipando pakhonde, n'kuika laputopu pa tebulo. Apongozi, mayi ake a Agnesi, anakhala pamphasa chapatali, monga mwa ulemu wathu, akusenda nandolo ndi Agnesi. Ndinapeza tsamba la matenda a nkhuku, amalume n'kuvala magalasi, kuyamba kuwerenga akugwedeza mutu. Pofuna kutsitsa tsambalo, chala chawo chinaphonya, tsamba n'kuzimiririka. Anadandaula ngati aswa mbale ya eni ake, akupepesa kuti andiwonongera katundu wodula.

Mwayi ngati umenewu ndinali nditaudikira kwa nthawi yaitali. Ndinawauza kuti asadandaule, angoyang'ana. Ndinatambasula zala pang'onopang'ono kuti nawonso apongozi aone ali komweko, ndipo nditadinda, nkhuku zija zinabwerera. Amalume anavula magalasi, kuwapukuta, n'kunena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wamutu. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati ayi, amalume ayese okha.

Anakana, ine n'kukakamira. Ndinagwira zala zawo ndi manja anga, ichi pa Ctrl, ichi pa Shift, ichi pa T. Chimene sindinachiganizire n'chakuti mabataniwo sasankha. Akabweza tsamba lomaliza, ukadindanso amabweza limene unatseka lisanafike limenelo, n'kumabwerera m'mbuyo choncho. Ndipo chala cha mlimi chikadinda sichifulumira kudzuka.

Loyamba kutulukira linali la nyumba za lendi ku Bangwe, zithunzi ndi zonse. Ndinaseka kaseko kopanda mano, n'kunena kuti pa intaneti pamabwera zotsatsa malonda zambiri. Ndisanatseke pakamwa panabwera la malole osamutsa katundu. Ndinati nditambasule dzanja, koma amalume, amene tsopano anali atazolowera, anandibweza ndi chigongono n'kudindanso okha. Apa panabwera funso limene ndinalilemba ndekha m'Chingerezi, lili pamwamba penipeni.

Amalume anakonza kukhosi. Ntchito ya kutchalitchi ija inawadzukira, ndipo anamasulira mokweza, mawu amodziamodzi, kuti a pamphasa asatsalire.

"Ndingawauze bwanji akuchikazi kuti ndatopa kukhala pakhomo pawo, popanda iwo kukwiya?"

Kusenda nandolo kunaima. Ndinayang'ana Agnesi kuti andipulumutse, iye n'kuyang'ana m'lichero. Amalume atamufunsa ngati akuidziwa nkhaniyi, mkazi wanga wokondedwa, amene anasankha yekha nyumba ya mpanda wa njerwa pa zithunzi zija, anati akuimvera pompo. (Pambuyo pake anandifotokozera kuti mmodzi wa ife amayenera kutsala woyera kuti akapepesere mnzake. Ndinamvetsa, ngakhale mpaka pano zimandiwawabe.)

Ndinayamba kufotokoza kuti mawu akuti kutopa m'Chingerezi salemera ngati m'Chinyanja, koma amalume anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako apongozi, amene chikwatirireni sanandiyankhulepo maso ndi maso, anayankhula akuyang'ana mwana wawo.

"Agnesi, tawafunsa bambowa. Pakhomo pano tinawalakwira chiyani, choti akauze makina osatiuza ife?"

Sanakalipe, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Mayi amenewa ndi amene anatipatsa malo omangapo nyumba, ndipo ndikadwala malungo phala limachokera kukhitchini kwawo. Ndinatsika pampando n'kukhala pansi, mabatani onse amene ndinkawadziwa osandithandiza kanthu.

Ankhoswe anga anabweradi, koma m'malo mokapempha chitengwa anakapepesa, tambala ali m'khwapa. (Kumupeza tambala wamoyo nthawi ya chitopa inali ntchito ina payokha.) Chigamulo cha amalume chinali chakuti nkhani yosamuka sanaikane, koma iyambe yagona. Ndilime nawo dzinja lina, mitima ya anthu ipole, ndiyeno ndidzapemphe ngati munthu.

Kuyambira pamenepo amalume akatuluka m'tchalitchi Lamulungu amadzera kwathu. Amakhala pakhonde, kuitanitsa laputopu, kuvala magalasi, n'kudinda mabatani awo atatu kuti aone zimene mkamwini watseka sabata imeneyo. Nditawadandaulira mayi Chikopa, anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anandionetsa ina, Ctrl, Shift ndi N. Imeneyi imatsegula zenera lapadera limene ukalitseka silisunga kumene wayenda. Ndinasangalala ngati mwana wogulidwa nsapato, ndipo ndinalumbira kuti iyi yokha ndifa nayo.

Lamulungu lapitali amalume anadinda, osabwera kanthu. Anadindanso, zii. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati makina awonongeka, kapena ngati nzeru zanga zija zinathera pa mabatani atatu omwewo.

Zoti nzeru zanga zatha sindikanatha kuzimeza. Agnesi anali pakhomo akundiphethira diso, ndipo ndinamuona bwinobwino. Koma ndinakokera mpando pafupi.

"Ayi amalume, ilipo ina yoposa imeneyo. Tabweretsani zala ndikuonetseni."